Rezisita ya pa Botolo la Mankhwala

Mumsewu monse ankamutchula kuti Injiniya. Dzinalo analitola tsiku lomwe ananyamula sutikesi kupita ku koleji kukaphunzira zamagetsi, ndipo silinamuchoke ngakhale atabwerako chaka chachiwiri chili pakati, wopanda pepala, ali ndi sutikesi yomwe ija ndi mabuku atatu a mulaibulale amene sanabweze. Anabwerera chifukwa bambo ake anali atagonekedwa m'chipatala. Anawadwazika masiku asanu ndi anayi. Lakhumi anafika kunyumba ndi bulangete, beseni ndi magalasi awo a maso. Mayeso anadutsa iye ali pamaliro, ndipo kalata imene koleji inatumiza pambuyo pake anaipinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Bambo akewo anali okonza mawayilesi, ma TV ndi china chilichonse chokhala ndi chingwe kumbuyo. Shopu yawo inali chipinda chimodzi chogundana ndi nyumba, khomo lina loyang'ana kumsewu, lina lolowera kukhitchini. Kumanja kunali wometa tsitsi, kumanzere mpanda wa galaja. Patatha masabata atatu chiikireni maliro, Injiniya anatsegula shopuyo m'mawa wina, osati kuti agwire ntchito, koma chifukwa m'nyumba munalibenso poti n'kukhala osaonana maso ndi amayi ake.

Zonse zinali m'malo mwake. Chowotchera mtovu chinali chigonere pa kansapato ka chitsulo, chogwirira chake chokulungidwa ndi tepi wakuda. Zitini za mkaka zinali ndandanda pashelefu, zodzaza ndi marezisita, tizipangizo tija tooneka ngati mbewu za mpunga zonenepa, tokhala ndi mizere yamitundu m'chiuno. Pakona pa benchi panali tchaja ya mabatire a galimoto, yolemera ngati mwana wa zaka zitatu, atamangirira kapepala pachogwirira: "Yatha kukonzedwa. Ya a Makaniko." Zilembozo zinali zotsetsereka, ngati zikufuna kugwa papepalapo.

Anaimasula tchajayo. Sankakayika chilichonse ayi. Ankangofuna kuona pamene manja a bambo ake anagwira komaliza.

Pabolodi la tizipangizo mkatimo panali malo akuda pamene china chake chinapsa. M'mbali mwake fakitale inalembapo R050, ndipo Injiniya anamwetulira pang'ono, poti izi ankazidziwa: R amaimira kadontho, choncho pamenepo pankayenera kukhala rezisita ya 0.05 omu, gawo limodzi mwa magawo makumi awiri a omu imodzi, muyeso umene amayezera marezisita. Kanthu kochepetsetsa, koma ndi kamene kali sikelo ya tchaja. Moto wonse wopita kubatire umadutsa pamenepo, ndipo tchaja imaonera pomwepo kuti ikudyetsa batire mochuluka bwanji.

Koma rezisita panalibe. Panali kabotolo kagalasi ka mankhwala, pepala la kuchipatala likadali pomwepo, "awiri m'mawa, awiri madzulo." Pakabotolopo panali pokulungidwa waya wa kopa, mwina mamita awiri, nsonga zake zowotcheredwa pabolodi.

Anachimasula chinthucho n'kutenga mita yachikasu, ya manambala. Anagunditsa nsonga za zingwe zake uku ndi uku kwa waya uja. Mita inati 0.4.

Anayezanso. 0.4. Kuposa muyeso kasanu ndi katatu.

Anakhala pampando wa bambo ake, womwe unali utalowa pakati. Ndiye kuti anali atayamba kale kutha. Lamlungu lililonse pafoni ankati, "Ine ndili gwa, iwe uzingowerenga," pamene kuno anali atafika pokulunga mawaya pa mabotolo ngati mwana wopanga galimoto yoseweretsa. Munthu amene kwa zaka makumi atatu palibe chimene chinabwerera m'manja mwake! Ndipo tchaja imeneyi ikanapita kugalaja, mtsogolo wina n'kuitsegula, msewu wonse ukanaseka malemu.

Injiniya anapukuta m'maso ndi dzanja la malaya. Bambo ake sanathe kuwapulumutsa, koma dzina lawo lokha alipulumutsa.

Anakhuthulira zitini zitatu pabenchi. Mitundu ya marezisita anailoweza chaka choyamba, ndipo pamayeso ake anapeza 92, mpaka mphunzitsi anamuimiritsa kuti anzake amuombere m'manja. Anapeza yonenepa bwino, ya mzere wobiriwira, wakuda ndi wasiliva. Wobiriwira ndi faifi, wakuda ndi ziro, siliva ndi wa tizigawo ta handiredi. Ziro ndi faifi zilipo, siliva alipo: 0.05. Sanaiyeze. Angayezerenji chinthu cha kufakitale, chobwera chitavala kale yunifolomu? Anaiwotcherera mwaukhondo, mtovu wake wonyezimira ngati wa m'buku. Kabotolo kaja anakaponya m'katoni ya zinyalala. Masana anakapereka tchaja kugalaja, ndipo pobwerera anayenda mopepuka koyamba chimwalirireni bambo ake.

Patapita masabata awiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, pakhomo panada. Anali a Makaniko, bambo wa mimba yotsogola, ovololo yomangidwa m'chiuno, tchaja ili paphewa.

"Odi kuno, Injiniya! Ndabwera naye wodwala wanu."

"Lowani, bambo. Yatani?"

"Funsani kuti sinatani." Anaitsitsa pabenchi, zitini zonse n'kulira. "Kale batire ndikalumikiza m'mawa, pofika nthawi ya tiyi lakhuta, likubiza. Pano ndilumikize m'mawa, dzuwa kulowa likadali ndi njala. Ikudyetsa batire ndi kasupuni, ngati khanda. Dzulo mwini lole wandinena mawu oti sindingabwereze pamaso pa ana amasiye."

Wometa tsitsi, yemwe khutu lake linkakhala pakhoma nthawi zonse, anali atafika kale pakhomo, chipeso chili m'manja.

"Koma sindikudandaula ayi," a Makaniko anapitiriza, atatsitsa mawu mwaulemu. "Munthu anali akudwala. Tsiku ndinkabweretsa lija ndinaona ndekha sikuludiraiva ikuvina m'manja mwawo. Ndinangoti, ah, ndiwasiyirebe, angaone ngati ndawataya."

"Inenso makina anga ometera aja," anatero wometa. "Anandikonzera chaka chatha, koma kuyambira pamenepo amaluma makasitomala kukhosi. Ndinangokhala chete. Munthu wamkulu sumuuza."

"Makina akowo amaluma chifukwa suwathira mafuta, iwe," a Makaniko anamudula. "Koma zoona, mutu unali utayamba kutopa. Mwamwayi anatisiyira wophunzira. Muione bwino, Injiniya, muchotsemo zonse za matenda."

Chifundo chawocho chinamupweteka kuposa chipongwe. Koma anangoti, "Ndiiona, bambo." Mumtima ankati: ndiye kuti munali cholakwika china cha bambo chimene sindinachione.

Atangochoka anthuwo, khomo la kukhitchini linatseguka. Amayi ake analowa, manja ali onyowa ndi zochapa. M'shopumo anali asanapondemo chichitikireni maliro. Anaika kanthu pabenchi, pambali pa tchaja, mosamala ngati dzira. Kanali kabotolo kaja, waya wake ali bwinobwino.

"Ndinakapeza m'katoni ya zinyalala," anatero. "Ndimati kapena kanagweramo kokha."

"Amayi, sindinkafuna kuti mudziwe. Chinthuchi chinali cholakwika. Ndinachichotsa kuti anthu asawaseke bambo."

"Ehe. Unadziwa bwanji kuti n'cholakwika?"

"Ndinayeza."

"Ndi chiyani?"

"Ndi mita."

"Iti?"

"Yachikasuyi."

"Yokhayo?"

"Amayi, mita imodzi imakwana. Ndi ntchito yake imeneyo."

Amayi anapukuta manja pansalu. "Tayatsa. Tsono gunditsa nsonga zakezo zokhazokha, popanda kanthu pakati."

Anachita, mongowasangalatsa. Nsonga yofiira inagunda yakuda. Mita inaphethira, n'kunena kuti 0.4. Kenako 0.3. Kenako 0.4.

Anayang'anitsitsa. Pakati pa nsongazo panalibe waya, panalibe botolo, panalibe bambo ake. Panali zingwe za mita zokha, zakale, zolumikizalumikiza, ndipo ndi zimene zinali ndi 0.4 ameneyo. Tsiku lija sanayeze ntchito ya bambo ake. Anayeza zingwe.

"Bambo ako ankati mita imeneyi ukaifunsa zazing'ono imayamba yakuuza za michira yake," amayi anatero. "Ndiye unaikamo chiyani?"

Injiniya anamasula tchaja. Amayi anaweramira mkati, natsinzina diso limodzi.

"Wobiriwira, wakuda, siliva. Hafu ameneyu."

"Ndi 0.05, amayi."

"Ine za mapoyinti sindizidziwa, mwanawe, ndinalekezera folomu wanu. Wobiriwira ndi wakuda ndi makumi asanu. Siliva amagawa ndi handiredi. Makumi asanu ukawagawira anthu handiredi, aliyense atenga hafu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwawerengera bambo ako mitundu imeneyi, chiyambireni maso awo kuchita nkhungu. Ukuganiza kuti ankati akakuwa kuti 'mayi a mwana, tabwerani' ankafuna tiyi nthawi zonse?"

Injiniya anatenga pensulo, ngakhale samu yake sinkafuna pensulo. Makumi asanu kugawa ndi handiredi. 0.5. Rezisita yake yaukhondo ija inali yoposa muyeso kakhumi. Tchaja ikapereka supuni imodzi, sikelo yake inkaiuza kuti yapereka khumi, iyo n'kumangitsa dzanja. Njala ya mabatire a a Makaniko inachokera kwa munthu wa 92.

"Tulutsa batire lili pansi pa benchilo," amayi anatero. "Ndi babu lili pamsomalilo."

Babulo linali la galimoto, lokhala ndi zingwe ziwiri zonenepa ndi zopanira zazikulu. Iye ankayesa kuti ndi nyale ya magetsi akazima. Amayi anatsitsanso pashelefu mita yakale ya muvi, galasi lake losweka pakona, ndi tizingwe tiwiri topyapyala ta tizopanira ting'onoting'ono.

"Batire, babu, mita ya muviyi, kenako wayayu, zonse mumzere umodzi. Zopanira zazikulu kunsonga kwenikweni. Zazing'onozi zipite kumita yachikasu, uitembenuzire ku mavoti aang'ono aja. Uzipane mkati mwa zazikulu, pamene pali timizere ta tupa. Zazikulu kunja, zazing'ono mkati. Ukasemphanitsa bambo ako amakalipa."

Ananena kuti "amakalipa," ndipo onse awiri anachita ngati sanamve.

Akulumikiza, Injiniya anayamba kuona nzeru yake. Moto weniweni ukuyenda m'zingwe zazikulu, babu likuuletsa kusefukira, mita ya muvi ikuuwerenga. Tizingwe tating'onoto sitinyamula katundu, timangomvetsera mphamvu imene ikutsalira pawaya pakati pa timizere tiwiri tija, choncho michira ya mita ilibe ponamizira. Ukagawa ziwirizo wapeza maomu. Anakumbukira kuti mutu umenewu unalipo papepala la maphunziro a teremu ija: kuyeza ndi zingwe zinayi, sabata lachisanu ndi chinayi. Iye anachoka lachisanu ndi chiwiri.

"Anakafunsa kwa ogulitsa zipangizo konse, yotere kunalibe," amayi ankalankhula atagwira kabotolo kuti kasagubuduke. "Ndiye anamasula waya muthiransifoma yakufa. Masana awiri athunthu tili pano. Kudula kachidutswa ngati chikhadabo, kupala, kuyeza. Kudulanso. Manja akayamba kunjenjemera ndinkawagwirira ine, iwo n'kumawerenga muvi. Akatopa ankatsamira mutu pabenchi pomwepa, ine n'kumati tiyeni mukagone, iwo amvekere, 'Latsala pang'ono.'"

"Nanga botololi?"

"Galasi silipsa. Komanso anati mankhwalawa m'thupi akanika, botolo lokha ligwireko ntchito."

Anapana chopanira chomaliza. Babu linayaka. Muvi unanyamuka n'kukaima pa 2, maampu awiri. Manambala a mita yachikasu anathamangathamanga, kenako anakhazikika: 100. Anakwera pa 101, n'kubwerera pa 100. Mamilivoti handiredi, ndiye kuti 0.1 ya voti imodzi, kugawa ndi maampu awiri.

0.05.

Munthu wa maso ankhungu, manja onjenjemera, atatsala ndi mwezi umodzi padziko, anapeza gawo limodzi mwa makumi awiri a omu ndi tupa ndi babu la galimoto. Injiniya anangoyang'ana babu lija mpaka m'maso munadzaza, kuti amayi aziyesa kuti ndi kuwala.

Kuseri kwa khoma makina ometera ankalira, ndipo mawu a wometa ankamveka bwinobwino akuuza kasitomala: "Kumapetoku anali atasokonekera, achimwene. Tchaja ya a Makaniko anaipha ndi manja awo. Matenda ndi oipa."

Injiniya anaona njira yosavuta ili poyera. Kubwezeretsa kabotolo, kutseka chivundikiro, kukapereka. Tchaja igwira ntchito, a Makaniko asangalala, wophunzira atamandidwa, ndipo mlandu utsala kwa munthu amene sangaumve. Anayang'ana amayi ake. Iwo anakoleka babu pamsomali pake n'kubwerera kukachapa, khomo la kukhitchini n'kulisiya lotsegula.

Anachotsa rezisita yake. Anawotcherera waya wa bambo ake pa timizere ta tupa penipeni. Atalumikiza batire lakufa, muvi wa tchaja unalumpha kukafika pa 10, tchajayo n'kuyamba kung'ung'udza ngati mphaka wokhuta.

Masana anaisenza kupita kugalaja. A Makaniko anali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Anatuluka chagada, nalumikiza tchaja kubatire la lolelo, ndipo ataona muvi anaomba m'manja.

"Ameneyu ndiye moto! Anyamata, bwerani mudzaone sukulu!"

Amuna atatu ogwira nawo ntchito anasiya masipanala. Wometa nayenso anasuzumira pampanda, kasitomala atamusiya mutu theka.

"Bambo, ndili ndi mawu," Injiniya anatero. Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Bambo anga tchajayi anaikonza bwinobwino. Amene anaiwononga ndine. Ndinaitsegula ndisanaibweretse kuno, ndinayeza molakwika, ndinachotsa chimene anaikamo n'kuikamo rezisita yolakwika. Lero ndangobwezeretsa ntchito yawo. Mlandu ndi wanga."

A Makaniko anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta dzanja paovololo n'kuliika paphewa pake, maso atafiira.

"Mwamva, anyamata? Mwamva mwana woleredwa? Kusenza manyazi a bambo ake pamutu pake! Anga aja ndikadzafa adzayamba ndi kundiwerengera zolakwa, asanagule n'komwe bokosi."

"Ayi, bambo, ndikunena zoona."

"Tikudziwa, mwana wanga, tikudziwa."

Injiniya analanda sikuludiraiva m'manja mwa mmodzi wa amuna aja n'kumasula chivundikiro. "Onani. Botolo ili ndi la mankhwala awo. Dzina lawo ndi ili papepalapa. Anakulunga okha, amayi akuwagwirira."

A Makaniko anaweramira mkati, napukusa mutu mosilira. "Mpaka kutenga botolo la malemu kuti dzanja lawo likhalemobe. Aaa, Injiniya, mundiliritsa ine."

"Kafunseni amayi!"

"Mkazi wamasiye anganene kuti mwamuna wake analakwitsa? Mayi aja ndi olongosoka, tonse tikuwadziwa."

"Ndibweretse batire ndi mamita, ndikuyezereni pompano, muone nokha."

"Ife za mamita tidziwa chiyani?" anatero wometa ali pampanda. "Ife taona ziwiri basi. Atagwira malemu, supuni. Mwagwira inu, moto."

Onse anavomera ndi mitu. A Makaniko analowa mukaofesi kawo n'kutuluka atanyamula wayilesi ya m'galimoto, fani ndi makina obowolera, zonse n'kumusenzetsa.

"Izi ndinkazisunga. Sindinkafuna kuwavutitsa malemu mmene analili muja. Koma inu ndiye tapeza munthu."

Anabwerera kunyumba katunduyo atamufika m'chibwano. Amayi ake anali kuseri, akuyanika zovala pachingwe, chopanira chili pakamwa. Anachichotsa.

"Wawauza?"

"Ndawauza."

"Zonse?"

"Zonse, amayi. Pamaso pa anthu asanu."

"Ati chiyani?"

"Ati ndine mwana wabwino."

Amayi anamuyang'ana, nayang'ana fani ndi makina obowolera. Mapewa awo anayamba kugwedera. Injiniya anayesa kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kouma kotulukira m'mphuno, koyamba m'masabata asanu. Anaseka mpaka anagwira chingwe cha zovala kuti asagwe. Atatha anapukuta m'maso ndi pilokesi yonyowa imene inali m'manja mwawo, n'kuikung'untha kawiri.

"Mawa upitenso," anatero.

"Sakandikhulupirira, amayi."

"Sindinati akakukhulupirire. Ndati upitenso."